Kodi mlamba umamva kuwawa? Asodzi ndi aphunzitsi a kuchigwa, tithandizeni

MayiWaAtatu_Bangula
Moni nonse. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere, ndipo ndikudziwa kuti pagulu pano pali asodzi, a geni ya nsomba komanso aphunzitsi. Loweruka ndinagula milamba iwiri yamoyo pamsika, monga timachitira tonse kuno. Wogulitsa anaithyola minga ya m'mbali ija, n'kuilowetsa mlaza kukamwa kutulukira kopumira kuti ndinyamulire. Ndinafika nayo kunyumba ikadayasamula. Mwana wanga wa sitandade 5 anaiyang'anitsitsa n'kufunsa kuti, "Amayi, sikumva kuwawa?" Ndinamuuza zomwe nanenso ndinauzidwa ndili mwana, zoti nsomba simva kanthu. Koma mtima sunakhazikike. Nkhuku tikamazinga timanola mpeni, timafulumira, ndipo mwana akamaizunza timamukalipira. Nanga bwanji nsomba timaisiya ikuphupha padzuwa la kuno kuyambira m'mawa mpaka masana? Sindikunena kuti tisiye kudya nsomba ayi. Ndikufunsa kuti imamva kapena simva, ndipo ngati imamva, ife ogula ndi inu opha tizitani?

Nzimbe_Nchalo
Mayi, ndi njala ili kunoyi tiyambe kudandaulira mlamba? Anzathu kumunsi uko akukumba nyika m'dambo kuti ana agone atadya.

MayiWaAtatu_Bangula
Achimwene, njala ndikuidziwa, madzi a Freddy mu 2023 anatipeza tonse. Koma funso langali silikulanda munthu ndiwo.

Chavi_Chiromo
Ine ndine msodzi, bambo anga analinso msodzi m'dambo lomweli, ndiye ndinene zomwe maso anga amaona. Nkhonokono ukamaichotsa mu ukonde imaumitsa minga yake itatu ija, ndipo imalira ndithu, kulira komveka ngakhale kwa mnzako ali kumapeto kwa bwato. Minga timathyola chifukwa popanda kutero ukonde ungang'ambike, komanso munga umenewo ukakubaya dzanja limatupa, usiku sugona. Mlamba nawo, ukapulumuka pa mbedza, pamalo pamenepo sudyanso nyambo msanga. Umabwera, umaigunda pang'ono ndi ndevu zake, n'kubwerera. Asodzi tonse timadziwa zimenezi. Chinthu chomwe chimakumbukira mbedza n'kumaipewa, mungandiuze bwanji kuti sichinamve kanthu? Ine ndimati imamva. Komabe ndimapha, chifukwa ana anga sukulu amalipirira nsomba zomwezo.

Mphunzitsi_Ngabu
Ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo, ndiye ndiloleni nditalikitseko. Pali zinthu ziwiri zomwe tisamazisakanize. Choyamba ndi thupi kuzindikira kuti lavulala n'kuthawa lokha. Mukakhudza poto wotentha, dzanja limachoka musanaganize n'komwe, kuwawa kumabwera pambuyo uthenga ukafika ku ubongo. Chachiwiri ndi kuwawa kwenikweniko, komwe kumakulanda mtendere, kukuletsa kudya, n'kukusiya ukukumbukira. Choyambacho palibe amakana kuti nsomba ili nacho. Mkangano wonse uli pa chachiwiri.

Mu 2003, Lynne Sneddon ndi anzake awiri, Victoria Braithwaite ndi Michael Gentle, anachita kafukufuku ku Scotland pa nsomba ya m'madzi ozizira yotchedwa rainbow trout, yomwe kwathu kuno azungu anaibweretsa m'mitsinje ya pamwamba pa mapiri ngati la Zomba. Anapeza kuti pamutu ndi pamilomo pake pali timitsempha tomva kufinyidwa, kutentha ndi asidi, tofanana ndi tomwe tili pakhungu la nyama za pamtunda. Kenako zina mwa nsombazo anazibaya pamlomo poizoni wa njuchi, zina asidi wa mu viniga, zina madzi amchere wamba kuti afananize. Zobayidwa asidi zinayamba kukhuza milomo pa timiyala ta pansi pa thanki, zina kumayendayenda thupi uku ndi uku zili pamalo amodzi, kupuma kunakwera, ndipo panadutsa pafupifupi maola atatu zisanayambenso kudya. Zamadzi amchere zija zinabwerera ku chakudya msanga. Atazipatsa morphine, mankhwala omwe aja amapatsidwa munthu wopweteka kwambiri kuchipatala, kukhuza milomo kuja kunachepa kwambiri.

Chomwe chimandigwira mtima ine ndi chotsatira chake. Nsomba yabwinobwino ukaiikira chinthu chachilendo m'thanki imachiopa, imachitalikira. Zobayidwa asidi zija sizinachilabadire n'komwe, ngati kuti maganizo onse ali pa bala. Zitalandira morphine zinayambanso kuchiopa. Thupi longothawa lokha silichita zimenezo. Apa pali china chomwe chikuilanda nsomba chidwi chake.

A Chavi, zomwe mwanena za mbedza zinalembedwanso kale. Ku Netherlands cha m'ma 1970 anapeza kuti nsomba za carp zomwe zinakodwapo kamodzi zimavuta kuzigwiranso ndi mbedza ngakhale patadutsa miyezi yambiri. Koma za kulira kwa nkhonokono tisamale pang'ono. Phokosolo silichokera kukhosi, limachokera pomwe munga wa m'mbali umakhuzana ndi fupa la phewa. Imatero ikagwidwa kapena ikaopsezedwa, ndiye ndi chizindikiro choti yapanikizika, koma palokha si umboni wa kuwawa.

MwanaWaMsodzi_Joni
Aphunzitsi, mwafotokoza bwino koma mwapereka mbali imodzi. Ine ndinaziwerengapo zimenezi kuno ku Johannesburg. James Rose wa ku America analemba mu 2002 kuti nsomba singamve kuwawa chifukwa ilibe gawo la ubongo lotchedwa neocortex, lomwe mwa munthu limagwira ntchito yaikulu pa kuzindikira. Brian Key wa ku Australia ananenanso zomwezo mu 2016. Komanso mitsempha yomwe imanyamula kuwawa kokhalitsa kuja, koyaka pang'onopang'ono, mwa munthu ndi yambiri zedi pomwe mwa trout ndi yochepa kwambiri. Ndipo bambo anga anagwirapo mlamba uli ndi mbedza ina yadzimbiri kukamwa, koma unadyanso nyambo. Wopweteka mkamwa amadya?

Chavi_Chiromo
Wanjala amadya, mwana wanga. Ngakhale dzino likuwawa nsima timadya.

Mphunzitsi_Ngabu
Zoona, Rose ndi Key ndi akatswiri ndipo mfundo yawo si yoipeputsa. Koma taganizani za mbalame. Nazonso zilibe neocortex yomangidwa ngati yathuyi, chonsecho khwangwala amathetsa zinthu zovuta, ndipo palibe angatsutse kuti nkhuku yothyoka mwendo ikumva kuwawa. Ubongo ukhoza kumangidwa mosiyana n'kugwira ntchito yofanana. Pepala la Key litatuluka, akatswiri ambiri analiyankha, ndipo ochuluka mwa iwo anamutsutsa. Mu 2024 gulu lalikulu la akatswiri linasainirana chikalata ku New York chonena kuti pali mwayi weniweni woti nyama zonse za msana, nsomba zomwe, zimazindikira zomwe zikuzichitikira. Sindikunena kuti mlamba umamva ndendende mmene mumamvera inu. Ndikunena kuti umboni walemera kumbali yoti umamva chinachake choipa, ndipo umafuna chithe.

Namwino_Chikwawa
Ine ndingowonjezerapo za kuntchito kwathu. Mpaka m'zaka za m'ma 1980, m'zipatala zikuluzikulu za kunja, makanda ongobadwa kumene ankachitidwa opaleshoni ndi mankhwala ochepa kwambiri oletsa ululu, ena popanda n'komwe, chifukwa madokotala ankati ubongo wawo sunakhwime mokwanira kuti amve kuwawa. Lero palibe angayerekeze kutero. Wodwala wosayankhula timamuweruza ndi zomwe akuchita: wasiya kuyamwa, akupuma mothamanga, akuteteza pomwe pali bala, ndipo ukamupatsa mankhwala amakhazikika. Zomwe afotokoza aphunzitsi za nsomba zija ndi zizindikiro zomwezo. Chinthu chikakhala kuti sichingadzinenere, ine ndinaphunzira kuchitenga ngati chikumva.

Nzimbe_Nchalo
Ndiye mwana wa munthu mwamufanizira ndi mlamba?

Namwino_Chikwawa
Ayi bambo, moyo wa mwana ndi wa mlamba si wofanana. Ndikunena za njira yodziwira kuwawa mwa amene sangayankhule, basi.

GeniYaMlamba_Nsanje
Mwalankhula zambiri inu ophunzira, tsopano mumve za ife tili pamsika. Kodi mukudziwa chifukwa chake mlamba timausunga wamoyo? Si nkhanza ayi. Kuno mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Ayezi padoko kulibe, ukamupeza ndi wodula ndipo amasungunuka usanafike pamsewu. Mphende ikafa 6 koloko m'mawa, pofika 11 koloko mimba yafewa, maso ayera, ntchentche zayamba. Mlamba wokha ndi umene umatipulumutsa chifukwa sufa msanga. Ndimauika m'beseni, madzi pang'ono chabe, pamwamba thumba lonyowa, ndipo ndimakwera nawo minibasi, kuwoloka Shire pa Chikwawa, kukwera mapiri a Thabwa mpaka ku Limbe ukadapuma. Kasitomala akafika amautosa ndi chala. Ukagwedezeka amalipira osanenerera. Ukakhala chete amati "wagona uwu" n'kudula mtengo pakati. Ndiye ndiuphe m'mawa chifukwa cha chifundo, madzulo ana anga adye chiyani? Amene akufuna kusintha ayambire kwa ogula, osati kwa ife.

MayiWaAtatu_Bangula
Achemwali, apa mwandigwira pakamwa, chifukwa wotosa ndi chala uja ndife ogula tomwe. Koma nanga kuthyola minga ndi kuboola ndi mlaza kuja, nakonso n'kofunika?

GeniYaMlamba_Nsanje
Minga timathyola kuti isabayane yokhayokha m'beseni komanso isatibaye ife. Za mlaza, amenewo ndi a pamsika wa pafupi omwe alibe jumbo. Ine sindiboola.

Mphunzitsi_Ngabu
Chifukwa chomwe mlamba umakhalira nthawi yaitali kunja kwa madzi ndi chakuti pamwamba pa zopumira zake, m'kati mwa mutu, uli ndi chiwalo china chokhala ngati tinthambi, chomwe chimatenga mpweya wa kunja. N'chifukwa chake umakhalabe moyo m'zithaphwi zomwe nsomba zina zafa kale, ndipo usiku kukanyowa umatha kukwawa pamtunda. Tsono pamenepa pali kusiyana kwakukulu. Mlamba uli m'beseni la madzi pang'ono, pamthunzi, khungu lonyowa, ukupuma ndithu. Si wofanana ndi mlamba woponyedwa pa mchenga wotentha, khungu likuuma, minga yothyoledwa. Woyambawo ndi wopanikizika, wachiwiriwo ukuzunzika. Mayi a geni, mmene mumasungira inu ndi bwino kuposa mmene ambiri amachitira.

WaKuMakhanga
Inu mukukamba za kuwawa kwa nsomba, nanga ng'ona ikamagwira anthu ku East Bank kuno imayamba yafunsa ngati tikumva kuwawa? Mlamu wanga anasiya mkono m'madzi akukoka ukonde. Mvuu nazo zikutigubuduzira mabwato ndi kutidyera chimanga cha kudimba. Zimenezi ndiye tizikamba.

Chavi_Chiromo
Pepani kwambiri achimwene, za ng'ona n'zoona ndipo zikuchuluka. Madzi akasefukira zimafika mpaka kuseri kwa nyumba. Ukonde ukagona m'madzi ndi nsomba zakufa, ng'ona imabwera kudzadya, imang'amba ukonde, ndipo imazolowera kuti pomwe pali bwato pali chakudya.

Nzimbe_Nchalo
A zanyama zakutchire ukawaitana amabwera patapita masiku, munthu ataikidwa kale.

MayiWaThonje_Ngabu
Ndipo chipukuta misozi anthu amangochimva m'nkhani. Mayi wamasiye amatsala ndi ana, bwato lomwe lapita.

Mkulu_wa_Mpingo_Tengani
A ku Makhanga, chisoni chanu ndi chathu, Mulungu akhudze mlamu wanuyo. Koma pa funso lanu ndiyankhe chonchi: ng'ona sifunsa chifukwa ndi ng'ona. Ife tinapatsidwa nzeru ndi chikumbumtima. Buku la Miyambo, mutu 12 ndime 10, limaphunzitsa kuti munthu wolungama amasamala moyo wa chiweto chake. Kupha nsomba kuti tidye si tchimo, Petro ndi Andreya anali asodzi, ndipo Ambuye mwini anawakonzera ophunzira ake nsomba pamakala m'mbali mwa nyanja. Koma kuloledwa kupha sikutanthauza kuloledwa kuzunza. Ine chimandipweteka ndi ana omwe amatenga mlamba wamoyo n'kumaukoka pa fumbi ngati galimoto, akuluakulu ali pomwepo akuseka. Mwana wozolowera zimenezo mtima wake umauma.

Sabata_Marka
Ife mlamba sitidya n'komwe. Levitiko 11 imanena kuti za m'madzi zopanda mamba n'zodetsedwa. Mukanamvera, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

GeniYaMlamba_Nsanje
Nanga mphende mumadya ija imafa ikuimba nyimbo? Nayonso imaphupha.

Sabata_Marka
Sindinanene zimenezo mayi, ndimangokumbutsa lemba.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za mipingo tisalowemo, tinakanganapo kale ndipo anthu anatuluka m'gulu. Za ng'ona ndi zofunika, wina atsegule nkhani yake payokha tikambirane bwino. Pano tibwerere ku funso la mayi a ku Bangula.

Mlonda_wa_Dambo
Ndili mu komiti ya asodzi ya padoko lathu, BVC. Ine ndikuona kuti nkhanza zazikulu sizili pamsika, zili m'madzi momwe anthu saona. Tiyambe ndi katupe, poizoni wophera nsomba uja. Munthu amasinja, kuthira m'thamanda madzi akaphwa, ndipo chilichonse chopuma m'madzimo chimayandama, chachikulu ndi chaching'ono, chodyedwa ndi chosadyedwa. Ndinafikapo pathamanda lina m'mawa anthu atathiramo mankhwala a thonje usiku. Timphende tosakwana chala tinali mbuu pamwamba pa madzi, tina tikadazungulira chammbali kukamwa kuli yasa, achule ali gada, ndipo pambali panali mbalame yakufa yomwe inadyako. Anatola zikuluzikulu zokha n'kusiya zonsezo. Nsomba zimenezo zinakagulitsidwa kwa anthu, ana anadya. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni, koma dambo ndi lalikulu ndipo alangizi ndi ochepa.

Chachiwiri ndi masikito omwe timalandira kuti atiteteze ku malungo. Akasokedwa kukhala khoka amakokolola ndi ana a nsomba omwe, timene timafera m'matope popondedwa. Chachitatu ndi maukonde a pulasitiki opyapyala aja. Ndi otchipa, ndiye akang'ambika munthu amangowasiya m'bango. Saola. Amapitiriza kukola nsomba, akamba a m'madzi ndi mbalame kwa nthawi yaitali, popanda wodzazitola. Imfa imeneyo sidyetsa mwana wa munthu aliyense.

Dambo lathuli David Livingstone analitcha Elephant Marsh atadutsa mu 1859 chifukwa cha njovu zomwe anaziona zambirimbiri. Lero mulibe ndi imodzi yomwe. Mu 2017 linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Ine ndimaona kuti kuchitira chifundo nsomba imodzi ndi kusamala dambo lonse zimachokera mu mtima umodzi. Wothira katupe saganiza za kuwawa, saganizanso za chaka chamawa.

MwanaWaMsodzi_Joni
Apa ndiye tikugwirizana, ngakhale ine ndikadali kumbali ya Rose. Katupe ndi masikito n'zoipa kaya nsomba imamva kaya simva. Tisasakanize nkhani ziwirizi.

Mlonda_wa_Dambo
Pamapepala ndi ziwiri, padoko ndi imodzi. Ndi anthu omwewo.

Chavi_Chiromo
Poti tayamba kuulula, tiyeni tiulule zonse. Njira zophera sizifanana. Ukonde woponya uja wotchedwa chavi ukauponya, nsomba imatuluka nthawi yomweyo, zing'onozing'ono ukhoza kuzibweza zili bwinobwino. Mono nawo nsomba imangolowa n'kukhala, m'mawa umaipeza yamoyo yosavulala. Koma ukonde wotchera usiku ndi wina. Nsomba imalowetsa mutu, ulusi umaigwira kuseri kwa zopumira, ikamalimbana ulusi umalowa m'thupi. Yokodwa madzulo pofika m'mawa imakhala yafa kale, yatuwa, ina yatupa. Imeneyo imangopita kowamba chifukwa yaiwisi palibe angagule. Ndiye pali mbedza zambiri zomangidwa pa chingwe chimodzi, zomwe ena amakolekapo kansomba kamoyo kapena chule wamoyo, kumubaya pamsana kuti azigwedezeka usiku wonse. Zimenezo ine sindichita, nyambo yanga ndi nyongolotsi kapena zidutswa za nsomba yakufa, ndipo mlamba umadya ndithu chifukwa umasaka ndi fungo.

MayiWaThonje_Ngabu
Nanga nsomba ija yotchedwa dowe? Agogo anga ankakumba m'matope ouma nthawi yachilimwe, n'kuitulutsa ili m'chikuto chake. Ndinkaopa kuiyang'ana.

Mphunzitsi_Ngabu
Imeneyo ili ndi mapapo enieni. Madzi akaphwa imadzikwirira m'matope, imadzikuta ndi nembanemba youma yochokera pakhungu lake, n'kugona miyezi mpaka mvula itabwera. Mwa nsomba zonse, mtundu umenewu ndi womwe uli pachibale chapafupi kwambiri ndi nyama za miyendo inayi. Ndiye ngati pali nsomba yoti tisaikayikire, ndi imeneyo. Ndipo poti imapuma mpweya wa kunja, kungoisiya pamtunda sikuipha. Yofunika kuipha mwachangu, ndi kusamala zala chifukwa imaluma.

Wapaulendo_Majete
Ine ndimagwira ntchito ndi alendo. Ena amakonda kuwedza mcheni, makamaka ku Zambezi. Amaugwira, kuujambula, kuuyeza, n'kuubweza m'madzi. Amati ndiko kusamala chilengedwe. Mwina tiphunzireko.

Chavi_Chiromo
Pamenepo ndiye ndikana. Ine ndikabaya nsomba ndi mbedza ndi chifukwa cha njala. Iwo amaibaya, kulimbana nayo mpaka itatheratu mphamvu, chifukwa cha chithunzi. Ngati imamva kuwawa, wolakwa kwambiri ndani? Asatiphunzitse chifundo anthu ozunza chinthu chomwe sadya.

Wapaulendo_Majete
Koma nsombayo imakhala ndi moyo, imaswana. Yanu imathera m'poto.

Mphunzitsi_Ngabu
Nonse muli ndi mfundo, ndipo ngakhale ku Ulaya sagwirizana. Ku Switzerland malamulo a 2008 amaletsa kuwedza ndi cholinga chongofuna kuibweza nsombayo, ndipo amalamula kuti yomwe watenga uiphe nthawi yomweyo. Ku Germany nakonso munthu amafunika chifukwa chomveka, monga chakudya, kuti avulaze nyama ya msana. Kumeneko amaganiza ngati a Chavi. Pomwe ku America ndi ku South Africa kubweza ndiko kumatamandidwa. Kubweza kumateteza chiwerengero cha nsomba, koma sikuichotsera nsomba imodziyo zomwe yakumana nazo, ndipo zina zimakafa pambuyo chifukwa cha kutopa ndi mabala.

MayiWaAtatu_Bangula
Takhuta nonse, ndaphunzira zambiri. Tsono ndifunse za kukhitchini. Ndagula mlamba wamoyo, ndafika nawo. Ndiuphe bwanji kuti usavutike? Anzanga ena amauthira mchere kapena phulusa ukadali moyo kuti achotse kuterera, ena amauthira madzi otentha.

Namwino_Chikwawa
Mchere pa khungu lamoyo lopanda mamba? Chonde ayi. Muyambe mwaupha, mchere ndi phulusa zibwere pambuyo, kuterera kumachoka chimodzimodzi.

Chavi_Chiromo
Mlamba ndi wouma mutu, kungoumenya pang'onopang'ono ndi kuuzunza kawiri. Ukulungeni m'thumba kapena nsanza kuti usaterereke, mutu utuluke. Ugonekeni pa chinthu cholimba. Tengani chibonga cholemera kapena kumbuyo kwa chikwanje, mumenye kamodzi mwamphamvu pamwamba pa mutu, kuseri pang'ono kwa maso. Ukakomoka, nthawi yomweyo dulani ndi mpeni wakuthwa pomwe fupa la mutu lathera, mpaka msana uduke, magazi atuluke. Thupi lizigwedezekabe, musadabwe nazo. Mphende ndi yosavuta, kamodzi kokha ndi kamtengo pamwamba pa maso yatha. Musaitumbule kapena kuipala mamba isanafe.

Mphunzitsi_Ngabu
Ndiwonjezere chomwe chingakope a geni. Nsomba yofa ikulimbana nthawi yaitali imatha mphamvu zonse za m'minofu, asidi amachuluka m'nyama, imauma msanga, kenako imafewa msanga. Yophedwa mwachangu n'kukhetsedwa magazi nyama yake imakhala yolimba ndipo imachedwerako kuonongeka. Ku Japan asodzi ali ndi njira yotchedwa ikejime, yobaya ubongo nsomba ikangotuluka m'madzi, ndipo amatero chifukwa nsomba yotero imagulidwa mokwera. Ku Netherlands amaweta mlamba wathu womwewu m'matanki, ndipo akatswiri awo anafufuza zoukomola ndi magetsi poona kuti mutu wake ndi wolimba. Bungwe loona za umoyo wa nyama pa dziko lonse, WOAH, lili ndi ndondomeko yoti nsomba zowetedwa zizikomoledwa zisanaphedwe. Ife magetsi tilibe padoko, koma chibonga tili nacho.

GeniYaMlamba_Nsanje
Aphunzitsi, ku Japan kuli ayezi. Kuchedwerako kuonongeka komwe mukunenako kuno ndi ola limodzi kapena awiri, sikungandifikitse ku Limbe. Koma ndivomere mbali ina. Milamba yopita kowamba palibe chifukwa choisiyira pamchenga kudikira kuti ife yokha pomwe tikusonkha moto. Ena amaipinda n'kuibaya kamtengo ikadagwedezeka. Imeneyo tikhoza kumaipha kaye, sizitidyera ndalama. Ndipo kasitomala akagula wamoyo ndikhoza kumufunsa ngati ndimuphere pomwepo, ambiri amakondwa chifukwa kunyumba amaopa. Koma ya paulendo ikhala yamoyo mpaka tsiku lomwe padoko padzakhale ayezi wotchipa.

Nzimbe_Nchalo
Msodzi wabwera ndi mphende mazana awiri m'bwato, aziyamba kumenya imodziimodzi? Nanga matemba? Zinazi n'zosatheka.

Chavi_Chiromo
Matemba n'zosatheka, zoona. Koma mphende ndi milamba timazichotsa mu ukonde imodziimodzi kale, ili m'manja mwako. Kamtengo kali pambali, ndi kanthawi kochepa. Ubwino wake siidumphanso kubwerera m'madzi, ndipo mlamba sukubaya phazi m'bwato. Achinyamata anga ndimawauza zomwezo.

Mlonda_wa_Dambo
Mfundo ya maukonde ogona usiku wonse ndikufuna ndikaitule pamsonkhano wa komiti. Ngati anthu atamaonjola kawiri, pakati pa usiku ndi m'mawa, nsomba zoola zingachepe, ng'ona sizingazolowere, ndipo zokodwa sizingakhale nthawi yaitali zikulimbana ndi ulusi. Nyambo yamoyo nayo tikhoza kugwirizana kuti padoko pathu ayi.

WaKuMakhanga
Pakati pa usiku? Nthawi imeneyo mvuu zimakhala zikutuluka ndi kubwerera m'njira zawo. Musatumize ana a anthu kukafa chifukwa cha mphende.

Chavi_Chiromo
A ku Makhanga akunena zoona, usiku wa mdima ine sindingalole mwana wanga kulowa m'bango. Chotheka ndi kutchera mochedwerako madzulo ndi kulawira m'bandakucha, kusiyana ndi ena omwe amatchera 3 koloko masana n'kudzaonjola dzuwa litakwera. Ndipo mwezi ukawala, malo oyera opanda namasupuni, kawiri n'kotheka. A komiti, msonkhanowo mukaitane ndi amayi owamba ndi a geni omwe, osati eni mabwato okha, chifukwa za chibonga zija ambiri ogwira mlamba pomaliza ndi iwowo.

GeniYaMlamba_Nsanje
Mukaitana musaike tsiku la msika. Ndipo nkhani ya ayezi ikhale yoyamba pa mndandanda.